Phunziro: Mmene Brexit Inagawanitsira a Kumanzere ku Britain

Wophunzira wanga, lero tiphunzira za mkangano umene unabuka pakati pa anthu a cholinga chimodzi ku Britain pa nkhani ya Brexit, ndiko kutuluka kwa dziko lawo mu European Union, mwachidule EU. Tiyamba ndi zosavuta, zolimba tizipeza kutsogolo.

EU ndi bungwe la maiko a ku Ulaya amene anagwirizana kukhala ndi msika umodzi. Msika umodzi ndi pamene katundu, ntchito zamalonda, ndalama ndi anthu zimadutsa malire a maikowo popanda chotchinga. Kuti zimenezi zitheke, dziko lililonse limavomera kutsata malamulo opangira pamodzi ku Brussels, likulu la EU, ndipo pakakhala kusamvana, khoti la EU la ku Luxembourg ndilo limagamula.

Nanga a kumanzere ndani? M'ndale, awa ndi anthu okhulupirira kuti boma liyenera kuteteza apantchito ndi osauka, kuchepetsa mpata wa pakati pa olemera ndi osowa, ndiponso kuyendetsa lokha zinthu zofunika monga sitima zapamtunda, madzi ndi magetsi. Ku Britain ambiri a iwo ali m'chipani cha Labour ndi m'mabungwe a apantchito.

Mkanganowu ndi wakale. Britain inalowa m'bungweli mu 1973, likutchedwa EEC. Mu 1975 nduna yaikulu Harold Wilson wa Labour anaitanitsa riferendamu, ndiyo voti ya anthu onse pa funso limodzi, ndipo anthu 67 pa 100 alionse anati dziko likhalebe. Koma nduna zake zina, Tony Benn, Michael Foot ndi Barbara Castle, zinkauza anthu kuti avotere zotuluka. Mfundo ya Benn inali yakuti makomishonala a ku Brussels sasankhidwa ndi anthu, choncho anthu sangawachotse akalakwa. Pa chisankho cha 1983 Labour inalonjeza kutulutsa dziko, koma inagonja moipa.

Zinthu zinatembenuka mu 1988. Nthawi imeneyo nduna yaikulu Margaret Thatcher wa chipani cha Conservative anali atafooketsa mabungwe a apantchito, makamaka atagonjetsa sitalaka ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985. Jacques Delors, mkulu wa komishoni ya ku Brussels, analankhula ku msonkhano wa TUC, likulu la mabungwewo, ku Bournemouth, nalonjeza Ulaya woteteza apantchito. Ambiri anakopeka. Pambuyo pake kunabweradi lamulo la EU loletsa kukakamiza munthu kugwira maola opitirira 48 pa sabata, ndi lomupatsa tchuthi cholipidwa cha masabata anayi pa chaka.

Gwira mfundo iyi, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa iyo. Magulu onse awiri ankafuna chinthu chimodzi: moyo wabwino wa wapantchito. Anasiyana pa njira. Ena ankaona malamulo a EU ngati omanga manja a boma labwino. Ena ankawaona ngati omanga manja a boma loipa.

Tsopano timve ofuna kutuluka pa riferendamu ya 2016, amene maganizo awo anatchedwa Lexit. Anali ndi zifukwa zazikulu zitatu. Choyamba, EU imaika malire pa sabuside, ndiyo ndalama zimene boma limapereka pothandiza kampani, ndipo imalimbikitsa mpikisano pa sitima ndi magetsi. Iwo ankati zimenezi zingalepheretse boma kupulumutsa mafakitale kapena kubweza sitima m'manja mwake. Chachiwiri, mu 2007 khoti la EU, pa milandu ya Viking ndi Laval, linagamula kuti ufulu wonyanyala ntchito uli ndi malire ukamasokoneza ufulu wa makampani wochita malonda m'maiko ena.

Chachitatu chinali Greece. Mu Julaye 2015 anthu 61 pa 100 alionse kumeneko anakana pa riferendamu mfundo zodula ndalama zothandizira anthu, zimene obwereketsa ngongole anafuna. Patangopita masiku ochepa, boma la Alexis Tsipras linavomera mfundo zolimba zomwezo. Ofuna Lexit anafunsa kuti: voti ili ndi phindu lanji m'bungwe lotere? Mabungwe a apantchito a RMT ndi ASLEF, a anthu a m'sitima, anaima mbali iyi.

Tsopano timve ofuna kukhala. Anati Greece inapanikizika chifukwa imagwiritsa ntchito ndalama ya yuro, pamene Britain inasunga paundi yake. Anati Germany ndi France zili mu EU, komabe sitima zawo zili m'manja mwa boma ndipo zinkapereka sabuside yoposa ya Britain. Ndiye kuti cholepheretsa chinali ku London, osati ku Brussels. Anatinso otsogolera nkhani yotuluka anali Boris Johnson, Michael Gove ndi Nigel Farage, anthu a kumanja, okonda msika wopanda malamulo ambiri ndi kutseka malire. TUC ndi mabungwe akuluakulu monga Unite ndi Unison anaima mbali iyi. Ngakhale Yanis Varoufakis, amene anali nduna ya zachuma ya Greece nalimbana ndi obwereketsa aja, anapempha a ku Britain kuti akhale ndi kusintha EU ali m'kati.

Mtsogoleri wa Labour, Jeremy Corbyn, anavotera zotuluka mu 1975, koma mu 2016 anachita kampeni yokhala, ngakhale ambiri ankati sanaichite ndi mtima wonse. Pa 23 Juni 2016 anthu 52 pa 100 alionse anasankha kutuluka.

Apa Labour inasowa pogwira. Ambiri mwa oivotera anafuna kukhala, koma madera ambiri a aphungu ake, makamaka matauni a migodi ndi mafakitale akale kumpoto ndi pakati pa England, anafuna kutuluka. Pa chisankho cha Disembala 2019 chipani chinalonjeza riferendamu ina. Chinataya madera monga Bolsover ndi Sedgefield, nichipeza mipando yochepa kwambiri chiyambire 1935. Johnson, amene anali nduna yaikulu ya Conservative, anatulutsa dziko pa 31 Januwale 2020.

Zotsatira zake uzione mosakondera. Mphamvu zinabwereradi ku Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, koma mphamvu ili ngati khasu: limalima munda wa amene waligwira. Amene anazigwira poyamba anali a Conservative, ndipo mu 2023 anakhazikitsa lamulo lochepetsa mphamvu ya sitalaka. Malonda ndi Ulaya anachuluka mapepala ndi ziphaso. Bungwe la boma loyerekeza za chuma, OBR, likuti m'kupita kwa nthawi zimene wantchito amapanga zidzachepa ndi 4 pa 100 poyerekeza ndi mmene zikanakhalira. Obwera kuchokera ku Ulaya anachepa, koma ochokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe anachuluka, ambiri pa ntchito yosamalira okalamba, ndi ziphaso zowamangirira kwa wowalemba ntchito mmodzi.

Komabe ofuna kukhala asanyade msanga. Ufulu wa tchuthi cholipidwa sunafafanizidwe monga ena ankaopera. Mu 2024 boma la Labour la Keir Starmer linakhazikitsa lamulo lobweza sitima zonyamula anthu m'manja mwa boma, ndipo linanena kuti silibwerera mu msika umodzi. Ofuna Lexit amati ufulu uja wayamba kubala. Anzawo amayankha kuti zimenezo zikanatheka ngakhale mu EU. Mpaka lero sanagwirizane.

Choncho ukamva dziko lililonse likukambirana zotuluka m'mgwirizano wa zachuma, funsa mafunso atatu. Ndi lamulo liti lenileni likuletsa, ndipo likuletsa chiyani? Tikatuluka, mphamvu zomasukazo adzazigwira ndani? Nanga mtengo wake adzaulipira ndani? Ntchito yako ndi iyi: tenga nkhani ya Greece, uyankhe mafunso atatuwa ngati wa RMT, kenaka uwayankhenso ngati wa TUC. Ukalemba mbali zonse ziwiri mwachilungamo, ndiye kuti phunziro walimva.