Phunziro 14: Duwa la Masamba a Mawanga

Pakhonde la nyumba ya kooperativa pali duwa m'chitini. Masamba ake ndi aakulu, obiriwira, a mawanga oyera. Dzina lake ndi dieffenbachia. Ena mwa ife tinadulako tsinde nkukabzala kwathu.

Tsiku lina mwana analuma tsamba lake, amayi ake ali pa bolodi kulemba. Mwanayo analira kwambiri, dovu lili chuchuchu, lilime nkutupa. Anachira, koma tonse tinachita mantha. Nchifukwa chake lero tikuphunzira za duwali: kasamalidwe kake ndi kuopsa kwake.

Kwawo kwa duwali

Duwali linachokera ku nkhalango zotentha za ku America, monga ku Brazil. Kumeneko limamera pansi pa mitengo ikuluikulu, mumthunzi, pamalo achinyezi. Tikadziwa kwawo, tadziwanso zimene limafuna: kuwala kopanda dzuwa loswa mtengo, kufunda, ndi dothi lonyowa pang'ono.

Duwali ndi mbale wake wa koko amene timalima kudimba. Koma anzathu, chenjerani! Koko timaphika nkudya. Duwali si ndiwo ayi.

Kasamalidwe

Tiboole chitini kunsi ndi msomali kuti madzi azituluka. Tisakanize dothi lakuda, manyowa owola bwino ndi mchenga wa kumtsinje. Tiike chitini pakhonde kapena pafupi ndi zenera, pamene dzuwa la masana silifika.

Tisanathirire, tipise chala m'dothi, masentimita 2 kapena 3. Ngati muli chinyezi, tidikire. Ngati mwauma, tithirire mpaka madzi atuluke kunsi. Chimene chimapha duwali kawirikawiri ndi madzi ochuluka, osati ludzu.

Duwali limaopa chisanu. Kukazizira kutsika pa madigiri 15, limayamba kuvutika. Kumapiri, monga ku Angónia, miyezi ya Juni ndi Julaye tizililowetsa m'nyumba usiku, ndipo tizichepetsa kuthirira.

Masamba amatiuza vuto

Monga chimanga chimaonetsa njala ndi masamba, duwalinso chimodzimodzi.

Tsamba limodzi la m'munsi likachita chikasu, palibe mlandu, ndi ukalamba basi. Koma masamba ambiri akachita chikasu, tsinde nkufewa, madzi achuluka ndipo mizu ikuwola. Tizule duwa, tidule mizu yakuda yonunkha, tibzalenso m'dothi latsopano.

Masamba akalefuka dothi lili gwaa, ndi ludzu. Tithirire. Masamba akayezuka nkukhala ndi zipsera zouma, dzuwa lawatentha. Tisunthire chitini pamthunzi. Tsinde likatalika, masamba ali ang'onoang'ono, mdima wachuluka. Tisendezere poyera.

Kunsi kwa masamba kumabisala tizilombo. Tina ndi toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa pa chinangwa. Tina ndi tiakangaude tofiira, tonga ta pa matimati. Tipukute masamba ndi kansalu koviika m'madzi a sopo pang'ono. Tibwereze mlungu ndi mlungu mpaka tizilombo titatha.

Kufuna duwa lina? Tidule tsinde tizidutswa ta masentimita 10, kalikonse kokhala ndi mfundo, monga timachitira ndi nzimbe. Tigoneke pamchenga wonyowa pamthunzi. Pakapita milungu ingapo tiona mizu ndi mphukira.

Kuopsa kwake

Mu utomoni wa duwali muli timinga tosaoneka ndi maso. Timinga totere ndi timene timayabwitsa koko wamuwisi. Munthu akatafuna tsamba kapena tsinde, timabaya lilime ndi kummero. M'kamwa mumatentha, mumatupa, nthawi zina mawu osatuluka.

Tsono podula tivale pulasitiki m'manja. Tikamaliza tisambe ndi sopo, titsukenso mpeni. Zodulazo tikwirire, tisataye kumene kuli ana kapena mbuzi. Chitini tiike pamwamba, pamene mwana safikira.

Mwana akatafuna, tichotse zotsala m'kamwa, timtsuke m'kamwa ndi madzi ozizira. Ngati akutha kumeza, timpatse madzi ozizira kapena mkaka pang'onopang'ono. Tisamsanzitse. Utomoni ukalowa m'maso, titsuke ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Lilime likamatupa, kapena mwana akamavutika kupuma kapena kumeza, tithamange naye kuchipatala msanga. Titengenso tsamba kuti akaone chimene wadya.

Tiwerenge pamodzi

Duwa. Tsamba. Tsinde. Mizu. Utomoni.
Duwali si ndiwo. Mwana asaligwire.

Tikambirane

1. Tisanathirire duwa timachita chiyani?
2. Masamba ambiri akachita chikasu, chalakwika nchiyani?
3. Mwana akatafuna tsamba, tiyambe ndi chiyani?
4. Kwanu duwali lili pati? Kodi mwana angalifikire? Lembani yankho m'kope, ndipo mawa mudzatiuze ngati mwalisuntha.