Tsikirani pa Kasungu: Njira ya Kuminda ya Fodya, ku Lifupa ndi ku Mtunthama

Tchuthi chikafika, a ku Lilongwe amathamangira ku Senga Bay, a ku Blantyre ku Mangochi. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka mchenga wa ku Cape Maclear suoneka n'komwe ndi anthu, zipinda zogona zimatha, mitengo n'kukwera. Ofuna kuona nyama amalowera ku Liwonde kapena ku Majete, ndipo salakwitsa. Koma Kasungu ambiri amangomudutsa. Basi ya ku Mzuzu ikaima, amagula chipisi ndi nthochi pazenera, ulendo n'kupitirira. Malangizo awa ndalembera munthu amene akufuna kutsika n'kukhalako masiku atatu kapena anayi.

Ndinenetu poyamba kuti ngati mtima wanu uli pa kuona mkango ola lisanathe, pitani ku Majete. Kasungu amafuna mlendo wosapupuluma. Chimene mukapeze kumeneko ndi bata, nkhalango yoti mutha kuyenda m'mawa wonse osakumana ndi galimoto ina, komanso minda imene yakhala ikubweretsa ndalama zakunja m'dziko muno kwa zaka zambiri, chonsecho ambirife sitinaiyandikirepo.

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1 wolowera kumpoto. Pa galimoto yanu werengerani maola awiri. Pa minibasi kapena Sienta onjezerani ola lina chifukwa cha kuimaima. Nyamukani m'mamawa. Msewu umenewu usiku umadzaza ndi malole, ngolo ndi njinga zopanda nyali. Mudutsa pa Kanengo, pomwe nyengo ya malonda fungo la fodya limakupezani mazenera ali chitsekere, kenako Lumbadzi, Mponela ndi Madisi. Mukaoloka mlatho wa Bua, dziko limayamba kutambalala, mapiri n'kukhala apo ndi apo. Musanalowe m'tauni mufika pa Chinkhoma, pomwe pali okushoni ya fodya, umodzi mwa misika ikuluikulu pamodzi ndi ya ku Kanengo, Limbe ndi Mzuzu. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo miyezi yotsatirayo mumapeza malole a mabelo atandanda panja, alimi ndi madalaivala akudikira tsiku lawo.

Mwezi umene mwasankha ndiwo unene chimene mukaone. Mu Seputembala ndi Okutobala alimi amakhala kumadambo, akuthirira nazale ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikakhazikika amawokera, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale dziko lonse limakhala lobiriwira mpaka kumene maso alekeza. Apa ndi pomwe ntchito imafika pachimake. Kuthyola kumayambira masamba a pansi kukwera m'mwamba. Masambawo amasokedwa, n'kupachikidwa pamikangala m'chigafa kuti aume ndi mphepo ngati ali fodya wa bale. Wa fuluu yekha amalowa m'mabalani a njerwa, momwe moto suzima usana ndi usiku kwa masiku angapo. Mukapeza mwayi wolowa m'chigafa nthawi yosankha, khalani pansi muonetsetse manja a mayi amene akugwira ntchitoyo. Amatola tsamba, kulitambasula pabondo, kuliyang'ana kamodzi kokha, n'kuliponya pamulu wake: lalitali uku, long'ambika uko, lofiirira kwambiri pakepake. Inu masamba onsewo mudzawaona ngati amodzi, koma iwo akudziwa kuti kusakaniza magiredi kutha kubwezetsa belo kumsika. Akatha kumanga timitolo, fodya amalowa mujeke, amuna n'kumapotokola chitsulo mpaka belo la makilogalamu 100 kapena kuposerapo litathina bwino m'chiguduli.

Kuti muone zimenezi simulipira pachipata chilichonse, koma pamafunika ulemu. Pezani munthu wa m'deralo akuperekezeni. Mwini malo amene mwagona kapena wakabaza wodziwika pasiteji akhoza kukuthandizani. Mukafika pakhomo, odini kaye, dikirani akulandireni, perekani moni kwa bambo ndi mayi a pakhomopo, kenako fotokozani chimene mwadzera. Ngati mukhalitsa m'mudzimo, kaonekereni kwa amfumu. Musajambule munthu osam'pempha, ndipo ana musawajambule n'komwe makolo awo palibe. Masamba aawisi onyowa ndi mame musawagwiregwire, chifukwa mphamvu ya fodya imalowa pakhungu ndipo imachititsa nseru ndi chizungulire. Pochoka gulaniko mtedza, nkhuku kapena dzungu pamtengo umene anena, osanenerera mpaka munthu kuchita manyazi. Mwawadyera nthawi ya ntchito.

Mbiri ya minda imeneyi ndi yofunika kuidziwa musanafike. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, maesiteti akuluakulu anafalikira m'boma lino, ena a Press ndi General Farming, ena pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mlimi wamba sankaloledwa kulima bale pamunda wake mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ogwira ntchito ambiri anali matenanti ochokera kummwera, ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Mangochi, ndiye musadabwe kumva Chilomwe kapena Chiyao pakati pa dziko la Achewa. Tenanti ankatenga chimanga ndi zipangizo pangongole kwa mwini esiteti, n'kudzawerengerana fodya atagulitsidwa, ndipo ambiri ankatsala chimanjamanja chaka chonse atakhetsa thukuta. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma mukacheza ndi anthu mudzamva kuti moyo wa wolima fodya wa mwini sunapepuke kwenikweni. Lero alimi ena akusakaniza ndi soya ndi mtedza. Amvetsereni, nkhani zawo n'zolemera kuposa chithunzi chilichonse chimene mungajambule.

M'tauni simuchedwamo. Muli mabanki, misika, malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ndi malo omwetsera mafuta. Dzazani thanki pomwepo, tapani ndalama zokwanira, gulani madzi akumwa ndi chakudya. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'tauni, koma kutchire netiweki imadukaduka. Ngati miyendo ili bwino, kwerani phiri la Kasungu m'mawa dzuwa lisanawawe, muli ndi wokuperekezani. Pamwamba mudzaona chifukwa chake Mfumu Mwase Kasungu anakhazika likulu lake patsinde pa phirili: chilichonse choyenda m'chigwamo chimaonekera patali. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863 akuchokera ku Nkhotakota, ndipo asilikali a boma la Angerezi anagonjetsa ufumu wa Mwase kumapeto kwa 1895. Nguru ya Nawambe, nyumba ya Kamuzu, muione chapatali. Si malo ongolowa.

Tsopano kunkhalango. Kasungu National Park ili kumadzulo kwa tauni, kumalire ndi Zambia. Ndi yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika, masikweya kilomita 2,316, ndipo inakhala paki mu 1970. Mumalowera pachipata cha Lisitu, ndipo kuchokera m'tauni kukafika kudamu la Lifupa ndi makilomita opitirira 50 pang'ono. Phula silifika kutali, kotsalako ndi fumbi. M'chilimwe galimoto yokwera msana imafika bwinobwino, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi musayese popanda yokoka ndi mateyala onse anayi. Minibasi sizilowa m'paki ndipo simungayendemo pa njinga yamoto kapena wapansi nokha, choncho ngati mulibe galimoto, sonkhanani anthu angapo muchite hayala m'tauni, mugwirizaniretu za tsiku lodzakutengani. Musananyamuke kwanu funsani ku nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire ngati malo ogona a ku Lifupa akulandira alendo nthawi imeneyo, ngati kuli chakudya kapena mukaphika nokha, ndi mtengo wolowera. Tengani chiphaso chanu cha unzika, pakuti Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja.

Pamene mukuyandikira chipata, yang'anani mitengo. Kuminda yatsala ya mango ndi bulugamu wa apo ndi apo, chifukwa zigafa zimafuna milimo ndipo mabalani amadya nkhuni. Mukangolowa, mombo, tsamba ndi msuku zimakuphimbani mbali zonse. Umu ndi momwe dziko lonse la Kasungu linkaonekera kale.

Lifupa penipeni ndi damu, ndipo kumeneko n'kofunika kungokhala. Mvuu zimakhalamo chaka chonse. Masana zimangoonetsa makutu ndi mphuno, koma chakumadzulo zimayamba kufwenthera ndi kuitanizana, kenako n'kutuluka kukadya msipu pafupi ndi pomwe mwagona. Usiku musayende popanda tochi, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe, udzu utapsa ndipo madzi atasowa m'tchire, njovu zimabwera kudzamwa padamupa, nthawi zina gulu lonse ndi tiana tawo. M'madambo mutha kukumana ndi njati, mphalapala, ngoma, nswala ndi njiri. Nyama za kuno n'zamantha kuposa za ku Liwonde chifukwa zinasakidwa kwambiri, ndiye yendetsani pang'onopang'ono, wailesi itazimitsidwa. Juni ndi Julaye kumazizira zedi usiku. Tengani juzi ndi bulangete.

Pemphani agemu akuperekezeni ku Black Rock, thanthwe lalikulu lomwe mukakwera madzulo mumaona nkhalango itayala mpaka ku Zambia. M'pakimu mulinso zojambula zakale pamiyala ndi zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi mikondo. Nokha simungazipeze, ndiponso n'zoletsedwa kutsika m'galimoto popanda wa mfuti. Za kashembe musazipepuse. Ntchentche imeneyi imaluma mopweteka ndipo imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa, za manja aatali, mutseke mazenera podutsa m'tchire lowirira. Mukadwala malungo kapena mutu mutabwerako, auzeni adokotala kumene munali.

Njovu za ku Kasungu zili ndi nkhani imene mlendo aliyense ayenera kuimva mbali zonse ziwiri. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo zopitirira 1,000, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Mu 2022 boma, mothandizana ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, linasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina zopitirira 400. Paki inatsitsimuka, ndipo n'chifukwa chake lero ndikutha kukulimbikitsani kupitako. Koma njovuzo zinafika mpanda usanathe kumangidwa. Zinalowa m'minda, kuswa nkhokwe, ndipo anthu afa, kuno ku Malawi komanso tsidya la Zambia. Mayi amene mugule masuku kwa iwo pafupi ndi chipata mwina anagona panja usiku wathawu akuimba zitini kuteteza chimanga chawo. Akayamba kudandaula, musawatsutse ndi nkhani za ubwino wa zokopa alendo. Ine ndimaona kuti ndalama ya mlendo iyenera kutsalako m'midzi imeneyi, ndiye ndiwo, uchi, nkhuku ndi wokuperekezani muzipeze komweko.

Tsiku lachitatu bwererani m'tauni, mutenge msewu wa M18 wolowera kum'mawa, wa ku Nkhotakota. Dera la Wimbe ndi kwawo kwa William Kamkwamba, amene ali mnyamata, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Filimu ya moyo wake, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kutuluka mu 2019, inajambulidwa konkuno. Kumbukirani kuti ndi mudzi wa anthu, si malo achionetsero; funsani kaye patireding'i senta ngati alendo akulandiridwa.

Mtunthama ili makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Apa pali mtengo wa kachere umene anthu amati Kamuzu anaphunzirira pansi pake ali mwana, ndipo chapafupi pali Kamuzu Academy, imene anaitsegula mu 1981. Kuona nyumba za njerwa zofiira, nsanja ya wotchi ndi damu patsogolo pake, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga, kumadzutsa mafunso ambiri pa zomwe munthuyu ankafunira dziko lino. Ana a pasukuluyi amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ndi sukulu yoti ana ali m'kalasi, choncho pemphani chilolezo kuofesi pasadakhale, musangotulukira pageti.

Kuchokera pa Mtunthama mutha kubwerera ku M1, koma ngati muli ndi tsiku lina, pitirirani kum'mawa. Msewu wa M18 umadutsa m'kati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve, nkhalango ya masikweya kilomita 1,800 imene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015, komwenso kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Msewuwo ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka, ndiye onetsetsani mabuleki musanauyambe, muudutse kukuwala. Njovu ikaima pamsewu, imani patali, musaimbe hutala, idikireni ichoke yokha. Mukatsika zitunda mufika pa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, komwe magombe ake sadzaza ngati a ku Salima. Pobwerera ku Lilongwe tengani M5 mpaka ku Salima, kenako M14, ndipo mafuta mumwetseretu pa Nkhotakota.