Phunziro 18: Manja Akanjenjemera, Tisasiye Mankhwala

Tiwerenge

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku. Magazi akamathamanga kwambiri, mtima umatopa. Matendawa ena amati tensão, ena amati BP. Namwino akatiyeza kangapo n'kumapeza 140/90 kapena kuposa apo, ndiye kuti tili nawo. Nthawi zambiri sapweteka. Koma tikawalekerera amapha ziwalo, amawononga impso, amatenga moyo. N'chifukwa chake ambiri mwa ife timamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku.

Mapiritsi amathandiza, koma ena amabwera ndi zovuta zake. Chovuta chimodzi ndi kunjenjemera kwa manja. Amayi agwira kapu, madzi akutayika. Abambo akulemba dzina lawo, pensulo ikuvina. Asanayambe mapiritsi sizinali choncho.

Tiyang'ane dzina pa kapaketi. Amiodarona, yokonza kagundidwe ka mtima, imanjenjemeretsa anthu ena. Nifedipina ndi amlodipina nazonso zimatero, koma kwa anthu ochepa. Mapiritsi okodzetsa, monga furosemida ndi hidroclorotiazida, amachepetsa michere ina m'thupi. Michereyo ikachepa, minofu imakokana ndipo manja angathe kunjenjemera.

Si nthawi zonse pamene mlandu uli wa mapiritsi a mtima. Khofi wambiri, kachasu, njala ndi salbutamol, mankhwala a mphumu, nazonso zimanjenjemeretsa. Wosiyanitsa zimenezi ndi wachipatala.

Manja akayamba kunjenjemera, munthu amachita mantha. Wina amati walodzedwa. Wina amataya mapiritsi kudzala. Kutayako ndiko koopsa. Atenolol ndi propranolol tikazisiya mwadzidzidzi, mtima umagunda mothamanga, manja amanjenjemera koposa kale, ndipo wodwala mtima angathe kufa.

Tichite chiyani?

1. Tisasiye mapiritsi patokha.
2. Tilembe tsiku limene kunjenjemera kunayamba.
3. Tipite kuchipatala ndi mapaketi onse, ndi mankhwala azitsamba omwe ngati tikumwa.
4. Timuuze namwino zonse. Achipatala angathe kuchepetsa mlingo kapena kutipatsa mankhwala ena.
5. Tisagawane mapiritsi ndi anzathu.

Chifuwa chikapweteka, munthu akakomoka, pakamwa pakapindika, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka, tisadikire mawa. Timunyamule nthawi yomweyo.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ife tikuphunzira kuwerenga. Tiwerenge dzina la mankhwala athu, ndipo tifunse.

Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu alipo amene anasiya mapiritsi? Anasiya chifukwa chiyani?
2. Tingawathandize bwanji agogo amene sangathe kuyenda kupita kuchipatala?

Titchule pamodzi

nja nje nji njo nju
njala, njira, njoka, kunjenjemera

Tilembe m'makope mwathu

Manja akanjenjemera, tipite kuchipatala.
Tisasiye mankhwala patokha.