Kaphunzitsidwe ka Kusintha Kilatchi ya Galimoto

Mphunzitsi wa zaumisiri azindikire kuti wophunzira sangamasule bwino chinthu chimene sadziŵa ntchito yake. Motero ophunzira asanagwire sipanala, ayambe aona mmene kilatchi imagwirira ntchito.

Zipangizo: zivundikiro ziŵiri za mapoto ndi mbale ya kilatchi yakutha yopempha kugalaja.

Chiyambi: Ophunzira aŵiri apanikize zivundikirozo pamodzi. Wina akazunguza chake, chinzakecho chizunguliranso, akazilekanitsa, chiima. Afotokozereni kuti momwemonso mbale ya kilatchi, ikapanikizidwa pa gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, imapereka mphamvu ku giyabokosi. Mbaleyo ikaperepeseka imaterereka: injini ingolira, galimoto osathamanga.

Ndondomeko: Popeza kilatchi ili pakati pa injini ndi giyabokosi, kuti tiifike timatsitsa giyabokosiyo. Lembani izi pa bolodi:

1. Chotsani waya wa batire.
2. Tchingani matayala, ndipo galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo. Jeke payekha amagwa, ndipo amapha munthu.
3. Chirikizani injini ndi giyabokosi musanamasule mabawuti.
4. Kokani giyabokosi mowongoka, isalendeŵere pa shafiti yake.
5. Fumbi la kilatchi musaliuzire. Mbale zina zakale zili ndi asibesitosi wowononga mapapo.
6. Mbale yatsopano ikhale pakatikati penipeni. Mangani mabawuti pang'onopang'ono, modumphitsa.

Funso lomaliza: Nchifukwa chiyani giyabokosi imakana kuloŵa mbale ikakhala pambali? Woyankha bwino ndiye wamvetsa phunziro.