Pakhonde pa Azakhali: Foni yatsopano ikukana katundu wa foni yakale

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29 ndipo ndimagwira ntchito kuno ku Joni. M'mwezi wa Ogasiti 2024 mnzanga wina adandiikira iOS 18.1 ya beta mu iPhone 15 Pro yanga, ati kuti ndione msanga nzeru zatsopano zimene akuzitcha Apple Intelligence. Kunena zoona anzanga kuntchito adandipatsa ulemu.

Sabata yatha ndatenga iPhone 16 pangongole ya miyezi 24, ndipo yakaleyo ndidalonjeza mlongo wanga wa ku Ndirande. Atransipota anyamuka Loweruka, ndipo mlongo wangayo wauza kale anzake onse kuti akukalandira foni ku Wenela.

Vuto langa nali. Ndidasunga backup ya foni yakale pa iCloud, koma yatsopanoyi ikukana kuilandira, ikuti pulogalamu yake ndi yakale. Yakale bwanji pomwe ndaimasula ndekha m'bokosi? Kodi wasitolo uja adandigulitsa foni yachinyengo? M'foni yakaleyo muli zithunzi za ukwati wa achimwene, manambala a anthu amene ndimachita nawo geni, komanso mauthenga a pa WhatsApp a zaka zinayi a munthu wina amene sindimutchula. Mnzanga uja akuti ndingoifufuta n'kuitumiza, zonse zili pa iCloud zidzabwera zokha. Ndichite bwanji?

Wothedwa nzeru, Johannesburg

Mwana wa achimwene,

Choyamba, msiye wasitolo agulitse malonda ake mumtendere. Foniyo ndi yeniyeni, ndipo ukapita kukakalipa pakauntala ndi Chizulu chako chothyokathyokacho ungotichititsa manyazi tonse. Wokulakwira ali m'malaya akowo. Chachiwiri, mnzako amene adakuikira beta uja ndi yemweyo akukuuza lero kuti ufufute foni? Ameneyo muzimwa naye tiyi, koma asamagwirenso foni yako.

Khala pansi ndikuuze chimene udalowetsa m'foni. Beta ndi ndiwo zimene zidakali pamoto. Ophika amaitana ofuna kulawa kuti anene ngati mchere wakwana, iwe udanyamula mphika wonse n'kuyamba kudyera nsima. Chaka chilichonse m'mwezi wa Juni, Apple imaonetsa iOS yatsopano pamsonkhano wake wa WWDC n'kuipereka kwa opanga mapulogalamu kuti aiyese. Mu Julayi imatsegulira anthu wamba ofuna kuyesa nawo, ndipo yomalizidwa imatuluka mu Seputembala. Kale beta ya opanga mapulogalamu inkafuna munthu wolipira madola 99 pachaka, ndipo ndalamayo inkateteza ana a eni ngati iwe. Kuyambira 2023 aliyense wokhala ndi akaunti ya Apple akhoza kuitenga ulere, n'chifukwa chake yafika mpaka m'manja mwa mnzakoyo.

Chaka cha 2024 ndiye adatchera msampha wabwino kwa anthu othamanga. Chakumapeto kwa Julayi, iOS 18.0 isanamalizidwe n'komwe, adatulutsanso beta ya 18.1, ndipo anthu a iPhone 15 Pro ngati iwe adaithamangira chifukwa cha Apple Intelligence. Kenako 18.0 yomalizidwa idatuluka pa 16 Seputembala, iPhone 16 n'kuyamba kugulitsidwa pa 20 Seputembala ili ndi 18.0 yomweyo m'kati. Waona tsono? Foni yako yakale ili pa 18.1, yatsopano ili pa 18.0. Bokosi ndi latsopano, galasi ndi latsopano, koma pa nambala ya pulogalamu foniyo ili m'mbuyo. Sikunama ayi.

Lamulo lake ndi limodzi. Backup imalowa m'foni ya pulogalamu yofanana ndi imene idaipanga, kapena yoposerapo. Kumbuyo siibwerera. Chifukwa chake n'chakuti iOS iliyonse imasanja mauthenga, zithunzi ndi zina zonse m'njira yakeyake. Yobwera pambuyo idaphunzitsidwa kuwerenga masanjidwe akale, koma yakale singadziwe masanjidwe amene adapangidwa iyo itatuluka kale. Ikadangovomera mwaulemu, bwenzi ukundilembera kalata ina kuti mauthenga asokonekera. Ndipo a Android amene mukuseka kumbali, khalani chete: nayonso Google imanena poyera kuti backup ya Android yapamwamba siingabwezeretsedwe pa foni ya Android yotsika.

Ndikufunseko pang'ono, nzeru udazithamangirazo zakupindulira chiyani? Kuti zigwire ntchito udayenera kusintha foni kuti izilankhula Chingerezi cha ku America. Ngakhale Chingerezi cha kumene uliko, eni ake adanena kuti chidzalowa mu Disembala 2024. Za Chichewa ndiye tisayambe n'komwe. Koma ulemu wa kuntchito udaulandira, basi tithokoze.

Tsopano tikonze. Foni yakaleyo usaifufute, usaipereke, usaiike m'chikwama cha atransipota mpaka utaona ndi maso ako kuti zonse zafika mu yatsopano. Ukaiwala zonse zimene ndilembe pansipa, chimenechi chokha ugwire.

Usiku uno sunganso backup ina. Lowa mu Settings, dina dzina lako, kenako iCloud, iCloud Backup, Back Up Now, ndipo udikire mpaka ikuonetse nthawi imene yamaliza. Malo aulere pa iCloud ndi 5GB yokha, ndipo kwa munthu wojambula mbale iliyonse ya chakudya ngati iwe sangakwane. Pamenepo pali chithandizo chimene ambiri sachidziwa: mu Settings, General, Transfer or Reset iPhone muli Prepare for New iPhone, pomwe amakubwereka malo okwanira kwa masiku 21 osalipira. Ngati uli ndi laputopu, sunganso ina pamenepo. Pa Mac umagwiritsa ntchito Finder, pa Windows iTunes kapena Apple Devices, ndipo uchonge pamene alemba Encrypt local backup kuti mapasiwedi ako, ma Wi-Fi ndi za umoyo zisungike nawo. Pasiwedi imene uikepoyo uilembe m'kope. Ukaiiwala, backup imeneyo siidzatsegukanso, ngakhale ulire motani.

Ukatero tenga foni yatsopano uiyatse ngati ya munthu wopanda mbiri. Ikafunsa zosamutsa katundu, sankha kusasamutsa kanthu. Nthawi zina yokha imapempha kuti ikweze pulogalamu isanapitirire. Ikatero, vomera, yakuchepetsera ntchito. Ikapanda kutero, lowa ndi akaunti ya Apple yomwe ija, pita ku Settings, General, Software Update, Beta Updates, n'kusankha beta ya mtundu womwe uli m'foni yakale. Inde, ndikukuuza kuti uike beta m'foni ya ngongole ya miyezi 24. Sindikukondwera nazo, koma udaziyamba wekha. Chita zimenezi pa Wi-Fi, foni ili pachaja, chifukwa pulogalamuyo ndi ya ma GB angapo. Ikamaliza, tsegula General, About pa mafoni onse awiri uyerekeze manambala. Yatsopano ifanane ndi yakale kapena iipose.

Apa ndi pamene mtima umagunda. Foni yatsopanoyo, ndati yatsopano, uifufute kudzera pa Transfer or Reset iPhone, Erase All Content and Settings. Usaope, kufufuta kumachotsa katundu koma nambala ya pulogalamu imakhala pomwe yafika. Ikayambiranso, sankha kubwezeretsa kuchokera pa iCloud kapena pa kompyuta, kapena ingoika mafoni awiriwo pafupi kuti asamutsirane okha. Backup imene inkakanidwa ija ilowa mopanda phokoso. Uonetsetse kuti foni imene ukufufutayo ndi iti, chifukwa zonse ziwiri n'zakuda ndipo iwe ndi wopupuluma.

Ilipo njira ina ya anthu ofatsa, amene kwathu kuno ndi ochepa. Apple idanena kuti 18.1 yomalizidwa ituluka mu Okutobala 2024. Ukadikira, foni yatsopano idzakwera yokha popanda beta, backup n'kulowa bwinobwino. Zimenezi zikufuna kuti foni yakale ikhalebe m'manja mwako mpaka tsikulo, ndiye kuti mlongo wako adikire ulendo wina wa atransipota. Ine ndikadasankha imeneyi. Ku Ndirande akuseka sabata imodzi n'kuiwala, koma zithunzi za ukwati wa achimwene ako zikatayika, alamu ako adzakukumbutsa mpaka pa ukwati wa ana awo.

Mnzako uja sadaname kotheratu, ndimupatseko chake. Zinthu zina sizidalira backup: manambala, kalendala, zolemba za mu Notes ndi zithunzi zimabwera ukangolowa mu akaunti, ngati udayatsa kuti zizisungidwa pa iCloud. Vuto lili pa mawu akuti "ngati". Kodi udayatsa? Kodi malo adakwana, kapena zithunzi zidasiya kukwera chaka chatha iwe osadziwa? Safunsa adadya phula. Lowa pa iCloud.com ndi kompyuta uone wekha zimene zilipo. Ndipo ukamva wina akuti pali njira yosinthira nambala m'kati mwa backup kuti foni ipusitsike, mufunse ngati adayeserapo pa foni yake.

Tsopano za munthu wosatchulidwayo. Zaka zinayi za mauthenga, mwana wa achimwene, ndipo ife kuno sitidamuonepo ngakhale pachithunzi? Foni wakwanitsa kusainira miyezi 24, koma kutuma ankhoswe ndiye dzanja likunjenjemera. Chabwino, imeneyo tidzakambirana pa Khirisimasi. Pakadali pano tsegula WhatsApp pa foni yakale, Settings, Chats, Chat Backup, Back Up Now, ndipo uyatse kuti makanema alowe nawo ngati ukuwafuna. WhatsApp imasunga yakeyake pa iCloud, ndipo imabwerera pa foni ina malinga nambala ya foni ndi akaunti ya Apple zili zomwezo. Choncho SIM khadi usaitumize kumudzi pamodzi ndi foni, chifukwa manambala 6 otsimikizira adzabwera pa nambala imeneyo. Ukalowa mu yatsopano, pita m'mwamba mpaka uthenga woyamba uja unkati walakwitsa nambala, utsimikize kuti ulipo.

Zina zimene backup siimaliza yokha ndi za ndalama. Mapulogalamu a banki amafuna kulembetsanso foni yatsopano, ndipo ena amapempha kuti uvomereze pa foni yakale. Chimodzimodzi mapulogalamu opereka manambala achinsinsi olowera mu imelo ndi kuntchito. Makadi a mu Wallet nawonso umawaikanso. Zonsezi uzichite mafoni awiri ali patebulo limodzi. Udziwenso kuti mapulogalamu ena amachita makani pa beta, ndipo Apple yomwe imachenjeza kuti beta isaikidwe pa foni imene munthu amadalira. Chenjezolo lidali pamaso pako tsiku lija, iwe n'kudina Agree uli m'kati mocheza.

Zonse zikafika, ndiye ukonze foni ya mlongo wako, ndipo apa ndi pamene anyamata a ku Joni mumatilakwira kawirikawiri. Tuluka mu akaunti yako ya Apple, zimitsa Find My, kenako ufufute. Ukaitumiza ili yomangika ku akaunti yako, Activation Lock idzamufunsa pasiwedi yako pamene akuiyatsa, ndipo palibe mnyamata wokonza mafoni mumsika amene adzamuthandize mwachilungamo. Usakachitire zimenezi padepoti basi ikulira. Ngati udayatsa Stolen Device Protection, foni imakudikiritsa ola lathunthu ukafuna kusintha zoterezi uli pamalo amene siikuwadziwa. Chitira kunyumba, Lachisanu lisanathe. Ngati uli ndi Apple Watch, uimasule kaye ku foni yakaleyo.

Kumbukiranso zimene ndanena, kufufuta sikuchotsa beta. Mlongo wako alandira foni ili pa 18.1 yoyeserera, ndipo tsiku lokweza adzamaliza bandulo yake ya mwezi pa ntchito imene iwe ukadaichita pa Wi-Fi ya kuntchito. Ngati uli ndi laputopu, foniyo ikatha ntchito yake uilumikize, uiike mu recovery mode n'kusankha Restore, ibwerere pa iOS yomalizidwa. Mwana wa eni alandire foni yabwinobwino, osati mayeso ako.

Yatsopanoyo, 18.1 yomalizidwa ikangotuluka n'kulowa, upite pa Beta Updates uike Off. Ndikudziwa kuti Juni akubwerayu mtima udzayabwanso. Ukalephera kudzigwira, usanaike beta udzasunge backup pa kompyuta n'kuiteteza ndi Archive kuti ina isadzailembe pamwamba. Imeneyo ndi yokhayo ingadzakubwezere pa iOS yakale ndi katundu wako.

Muimbire mlongo wako lero umuuze zoona: ngati pofika Lachisanu usiku zonse sizidasamuke, foni ibwera ndi ulendo wotsatira. Umutumizireko ya mayunitsi kuti mtima ukhale pansi. Ndipo atransipotawo akamanyamuka, ine nambala yanga ya nsapato ndi 6.

Ndine Azakhali ako