“Tikanakhala ndi Jefferson!”: zoyenera ndi zosayenera pa mkangano wa wowakha mpira

Masapota a mpira wa ku America ali ndi dandaulo limodzi limene silikalamba. Timu ikangolephera kufika m'ndime ya chipulula, mumva: “Tikanakhala ndi wide receiver wina, bwenzi tili patali.” Wide receiver ndi uja amathamangira kutsogolo kukawakha mpira umene quarterback waponya. Pano tingomutchula kuti wowakha, mnzakeyo woponya.

Palibe amene analira dandauloli mokweza kuposa a ku Philadelphia. Mu Epulo 2020, pa draft ya NFL, pomwe matimu amasankha anyamata a m'makoleji, timu yawo ya Eagles inatenga wowakha Jalen Reagor pa nambala 21. Minnesota Vikings, yomwe inali yotsatira pamzere, inatola Justin Jefferson pa nambala 22. Sizoni yomweyo Jefferson anawakha mipira 88 ya mayadi 1,400, pomwe Reagor anawakha 31 ya mayadi 396. Eagles inapambana magemu 4 okha, inagonja 11, n'kufanana mphamvu kamodzi. Kuwawa kwake n'komveka, ndipo mkanganowu ine ndimaukonda. Koma abale anga, ambiri timaulowa mutu uli m'thumba. Nzeru muli nazo, tiyeni tizigwiritse ntchito.

ZOYENERA

1. Yambani mwafunsa kuti akuponya ndani, chifukwa munthu sawakha mpira umene sunamufike. Mu 2020 mipira 15 ya Carson Wentz, woponya wa Eagles, inathera m'manja mwa adani m'magemu 12, mpaka anamukhazika pabenchi n'kulowetsa Jalen Hurts.

2. Werengani kuti woponya wanu anagwetsedwa kangati mpira udakali m'manja, poti munthu ali chagada saona yemwe wamasuka kutsogolo. Wentz anagwetsedwa ka 50. Brandon Brooks ndi Andre Dillard, awiri mwa amuna asanu oyenera kumutchingira, anavulala sizoni isanayambe n'komwe ndipo sanasewere gemu ngakhale imodzi.

3. Kaoneni kumene mnyamata mukumusirirayo anaifikitsa timu yake yeniyeni, pakuti umboni uli kumeneko. Vikings, Jefferson ali momwemo, inapambana 7 n'kugonja 9, ndipo inaonerera chipulula ili kunyumba ngati Eagles yomwe. Difensi yawo inalola mapointi 475.

4. Sankhulani magemu amene munagonja ndi mapointi ochepa, chifukwa ndi mmenemo mmene manja a munthu mmodzi amasinthira zinthu. Kansas City Chiefs mu 2023 inagonja 21-20 kwa Detroit, mpira utadumpha m'manja mwa wowakha wawo Kadarius Toney n'kugwera mdani yemwe anakachinya nawo. Inagonja 21-17 kwa Philadelphia, Marquez Valdes-Scantling atagwetsa mpira wautali chakumapeto. Inagonjanso 20-17 kwa Buffalo, touchdown (chigoli) itakanidwa chifukwa Toney anaima ofusaidi. Apa ndiye mutha kudandaula, ine ndikuthandizani kulira.

5. Onani kuti gulu lanu linali lolimba bwanji chaka chimenecho, poti pena chitseko chimakhala chotsekula. Washington inatsogolera gulu la NFC East mu 2020 itapambana magemu 7 okha, ndiye wa ku Philadelphia akati Jefferson akanawawonjezera magemu angapo, musamuseke msanga.

6. Vomerezani pamene dandaulo lili loona, chifukwa nthawi zina limakhaladi loona. Tennessee Titans inapambana 12 mu 2021, kenako mu Epulo 2022 inapereka A.J. Brown ku Philadelphia n'kusankha Treylon Burks m'malo mwake. Brown anapanga mayadi 1,496 ndi ma touchdown 11, Eagles n'kufika mu Super Bowl, gemu yotsiriza yolimbirana chikho. Pa 4 Disembala anachinya kawiri timu yake yakale, gemu n'kutha 35-10, ndipo patangopita masiku awiri Jon Robinson, bwana amene anamugulitsa uja, anachotsedwa ntchito.

7. Funsani mtengo wake, popeza NFL imaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Mu 2022 malirewo anali madola 208.2 miliyoni, ndipo wowakha Tyreek Hill yekha anasaina ku Miami mgwirizano wa madola 120 miliyoni wa zaka zinayi.

8. Yerekezani munthu yemweyo m'matimu awiri, chifukwa mukatero mudzaona chimene chili chake ndi chimene chili cha anzake. Randy Moss ku Oakland mu 2006 anachinya ma touchdown 3, anthu n'kumati watha. Chaka chotsatira, akulandira mipira ya Tom Brady ku New England, anachinya 23. Miyendo inali yomweyo.

ZOSAYENERA

1. Musanyamule mayadi 1,400 a Jefferson n'kukawatula ku Philadelphia, chifukwa sanawapeze yekha. Ankamuponyera ndi Kirk Cousins, yemwe anaponya ma touchdown 35 chaka chimenecho. Mbali inayo kunali Adam Thielen, kumbuyo Dalvin Cook akuthamanga mayadi 1,557, ndiye adani sankadziwa kuti atchinge kuti. Ili ndilo bodza limene timadzinamiza kawirikawiri, ndipo timalinena nkhope ili gwa.

2. Musayese kuti liwiro la wowakha lingachize otchingira ofooka, poti mpira wautali umafuna woponya apatsidwe mpata. Mu Febuluwale 2021 Chiefs inalowa mu Super Bowl ili ndi Hill ndi Travis Kelce, koma Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, otchinga m'mbali zonse ziwiri, ali ovulala. Woponya wawo Patrick Mahomes anangokhalira kuthawa usiku wonse, Tampa Bay n'kupambana 31-9, Chiefs osachinya touchdown n'imodzi yomwe. New England ya Moss nayo, itapambana magemu onse 16 mu 2007, inagwa 17-14 kwa New York Giants mu Super Bowl, Brady atagwetsedwa kasanu.

3. Musasokoneze ziwerengero za munthu mmodzi ndi kupambana kwa timu, chifukwa timu imene ikugonja imaponya kwambiri pofuna kubweza. Calvin Johnson anapanga mayadi 1,331 mu 2008, Detroit n'kugonja magemu onse 16. Mu 2012 anafika pa 1,964, Detroit n'kupambana 4 basi.

4. Musamuweruze munthu ndi mpira umodzi umene wagwetsa, pakuti mawa ndi yemweyo adzakuvinitseni. Valdes-Scantling uja ndi amene anawakha mpira wotseka gemu ku Baltimore mu Januwale 2024, nachinyanso mu Super Bowl. Toney, amene munkamutukwana, anali atachinya mu Super Bowl ya Febuluwale 2023 n'kubweza mpira womenyedwa ndi phazi mayadi 65. Mwaiwala msanga bwanji?

5. Musaiwale kuti theka la gemu timu yanu imakhala ilibe mpira, ndipo wowakha amakhala ali khale pabenchi. Chiefs yogwetsagwetsa mipira ya 2023 ija inanyamulidwa ndi difensi ya Steve Spagnuolo, yomwe inali yachiwiri mu ligi yonse polola mapointi ochepa, mpaka inatenga chikho pogonjetsa San Francisco 25-22.

6. Musakokere nkhani ya Brown kupyola pamene ikuthera, chifukwa Titans inayamba 2022 bwino iye kulibe. Inali itapambana 7 pa magemu 10 oyamba. Magemu 7 otsiriza inagonja onse, woponya wawo Ryan Tannehill akuvutika ndi kakolo mpaka kusiyira panjira. Brown akanathandiza, inde, koma sakanaponya mpira n'kukauwakha yekha.

7. Musamawerenge yemwe wachoka osawerenga zimene zabwera m'malo mwake, poti msika uli ndi mbali ziwiri. Chiefs inapereka Hill mu Malichi 2022 n'kulandira mipata isanu yosankhira osewera pa draft, umodzi mwa iyo n'kuwathandiza kupeza Trent McDuffie wa kudifensi. Hill anawala ku Miami, mayadi 1,710 kenako 1,799. Chiefs inapambana 14, Mahomes anaponya mayadi 5,250, ndipo zikho ziwiri zotsatizana zinapita ku Kansas City. Matimu awiriwa atakumana m'chipulula mu Januwale 2024, Hill anachinya touchdown yokhayo ya Miami, gemu n'kutha 26-7.

8. Musasinthe chinthu chimodzi m'mbuyo n'kuganiza kuti zina zonse zikanakhala momwemo, chifukwa mu NFL amene wachita moipa ndiye amasankha koyambirira chaka chotsatira. Manyazi a 2020 ndi amene anaika Eagles pamwamba pa mzere, n'kutenga DeVonta Smith pa nambala 10 mu 2021. Kusowa wowakha wodalirika ndi kumene kunawatumanso kukagula Brown. Awiriwa anali m'bwalo mu Febuluwale 2025 pamene Eagles inaswa Chiefs 40-22 n'kunyamula chikho. Mukamulowetsa Jefferson m'nkhaniyi, konzekani kutulutsamo mmodzi wa iwo, mwinanso onse.

9. Musamutukwane Reagor, chifukwa mwanayo sanadzisankhe yekha. Anamusankha ndi a Howie Roseman ndi anzawo a mu ofesi, ndipo iye anavulala chala chachikulu sizoni itangoyamba, n'kusewera magemu 11 okha m'timu imene inali ikugwa kale. Dandaulo lanu litumizeni kumene likuyenera.

10. Ndipo chonde, musamatiuze kuti inu munadziwa kale za Jefferson, poti usiku wa draft uja mayina 21 anatchulidwa lake lisanamveke. Las Vegas inatenga Henry Ruggs pa nambala 12, Denver inatenga Jerry Jeudy pa 15, Dallas inatenga CeeDee Lamb pa 17. Onsewa ndi owakha, ndipo amene anawasankha ndi anthu olipidwa kuti chaka chonse azingoonera mpira wa m'makoleji.