Kulima Mphesa Kufupi ndi Phiri la Zomba: Malangizo kwa Mabanja a ku Songani

Chiyambi

Kukoma kwa vinyo wofiira kumayambira kumunda. Ku Stellenbosch, m'dziko la South Africa, kumene mtundu wa mphesa wa Pinotage unapangidwa mu 1925, minda yambiri ili m'mbali mwa mapiri, pa dothi lochokera ku miyala yofumbutuka. Ku Dodoma, ku Tanzania, mphesa za Makutupora zimachita bwino pa dothi lamchenga la dera louma. Konseko mizu siikhala m'madzi.

Kusankha malo

Pewani dambo ndi dothi la makande. Sankhani malo otsetsereka pang'ono, a katondo wosakanikirana ndi mchenga kapena timiyala, owomba dzuwa tsiku lonse. Kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limapendekera kumpoto, choncho malo oyang'ana kumpoto ndi abwino. Pamwamba pa phiri pamachuluka nkhungu; kunsi kuno n'kotentherako.

Kumbani dzenje lakuya masentimita 60, mudzaze madzi. Akagonamo mpaka mawa, musabzalepo.

Kubzala

1. Ikani akalozera ndi kubzala vetiva kuti nthaka isakokoloke.
2. Siyani mamita 3 pakati pa mizere ndi mamita 2 pakati pa mitengo.
3. Thirani manyowa owolerana. Feteleza wambiri amachulukitsa masamba, zipatso n'kukhala zamadzimadzi.
4. Mangani thandala kuti mphepo izidutsa.

Zipatso muziyembekezere chaka chachitatu.

Mvula ndi kudulira

Vuto lathu ndi mvula ya Novembala mpaka Epulo. Ikapeza mphesa zikupsa, zimang'aluka, kuchita chuku ndi kuwola. Dulirani nthambi mvula ikatha, muzithirira, kuti zipse cha mu Seputembala kapena Okutobala. Chiperoni chikadutsa, yenderani masamba, odwala muwachotse. Mphesa zikayamba kuda, chepetsani madzi ndipo mutchinge mbalame.

Kakomedwe kake

Dzuwa limawonjezera shuga. Usiku wozizira umasunga kuwawasa pang'ono kumene vinyo amafuna. Mtundu wofiira umachokera m'makoko, pamodzi ndi kuuma m'kamwa konga kwa nthochi yosapsa. Mphesa zing'onozing'ono za pa dothi losasunga madzi zimapereka vinyo wakuda bwino ndi wonunkhira.

Musathyole msanga, chifukwa mphesa sizipsanso zikachoka mumtengo. Lawani kaye: njere zikhale zofiirira, osati zobiriwira.

Yambani ndi mitengo yochepa, ndipo funsani mlangizi wa m'dera lanu za mbewu yopirira matenda.